Mkazi Sagwira Nkhafi

Aulutsi, ndine mayi wa utenanti pa esiteti ya fodya kuno ku Chulu, koma ndinakulira ku Nsanje, m'bwato la bambo anga.

Dzinja lapitali tinkawoloka mtsinje wosefukira kupita kumaliro. M'bwato tinalimo asanu, mkazi ndekha. Wopalasa anali mnzanga amene ndasoka naye fodya m'chigafa chimodzi zaka zambiri, moti ndinkamutenga ngati mlongo wanga. Nditaona kuti akulunjika pamene madzi akuthamanga kwambiri, ndinapempha nkhafi.

Anaseka. "Mkazi sagwira nkhafi, achemwali. Inu kapani madzi."

Tili pakati, bwato linayamba kuzungulira. Amuna aja anayamba kukuwa, mnzangayo n'kungouma manja. Ndinamulanda nkhafi ndi kupalasa mpaka kutsidya, zikhatho zitatuluka matuza.

Kumaliroko ndinamumva ndi makutu angawa akuuza anthu kuti watipulumutsa ndi iye, ndipo bwato linkapendama chifukwa mkazi ankajijirika ndi mantha. Atatu enawo ankangogwedeza mitu.

Pobwerera anandinong'oneza kuti, "Musandiyalutse. Mupalase ndinu, koma tikayandikira gombe mundipatse nkhafi."

Ndinazungulira wapansi kukadzera kumlatho wakutali, bwato n'kuwasiyira amunawo.