Batchoy ndi Geti la Manang Puring

A Kapitana Sumagaysay, mtsogoleri wa barangay yathu, dera lathu lino, takulandirani. Padre Nestor, zikomo pobwera, ndipo ndaona kuti lero mwavala zakuda, munaphunzirapo kanthu. Dok Gallenero, dokotala wa ziweto komanso mwini sukulu ino ya agalu, amenenso mwatigulira lechon, nkhumba yootcha ili apoyo, ulemu wanu. Manang Puring, akazi a Manong Dulo, ana ndi zidzukulu zawo za kwa a Pagunsan, anzanga a m'makola, ndi nonse amene agalu anu anadutsa m'manja mwa Manong Dulo, takulandirani nonse pa phwando lotsanzikana ndi Manong, amene lero akupuma pantchito.

Amene simundidziwa, ndine Cherrylyn. Ndagwira ntchito ndi Manong, achimwene athu aakuluwa, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Andiuza kuti ndisapitirire mphindi zisanu. Manong, ndinu munandiphunzitsa kuti phunziro la kagalu lisapitirire mphindi zisanu, kamatopa. Koma awa ndi anthu akuluakulu, apirira.

Taonani mbale ya Manong. Sanaikhudze. Munthu amene amadya khungu la lechon asanapemphere, lero wangokhala ndwii. Ife a m'makola tikudziwa chifukwa chake, ndipo ndinena kuti nonse mudziwe. Ndi Batchoy, galu wawo wokalamba wa m'khola loyamba, wa zaka khumi ndi chimodzi. Manong akajomba, Batchoy sadya. Ndipo kunyumba kwawo kuli lamulo la Manang Puring lakuti galu sadutsa pageti. Ndiye kuyambira Lolemba galu uja adya bwanji? Funso limeneli lawasowetsa mtendere miyezi itatu. Ndibwererako, Manong. Poyamba ndikuchititseni manyazi pang'ono.

Zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, bambo awa anafika pano ali ndi tsitsi. Inde, analidi nalo, zithunzi zilipo. Ine kunalibe, koma Padre alipo, anditsutse ndikanama. Panali kagalu, dzina lake Sultan. Manong ankati akafika mmawa, n'kumadziguguda pachifuwa: "Bwera, mwanawe, lumpha!" Kagalu n'kulumpha, iwo n'kukapsompsona. Sultan anakula mpaka kufika makilogalamu makumi anayi. Linafika tsiku lodalitsa ziweto, mvula itagwa, bwalo lonse matope okhaokha. Padre analowa ndi mkanjo woyera mbee, madzi odalitsira ali m'manja. Sultan anangoona chifuwa.

Padre, akuti madzi onse munadzidalitsa nawo nokha muli chagada. Akutinso munanena mawu ena amene m'buku la mapemphero mulibe. Mukugwedeza mutu? Chabwino, tiwasiye pomwepo.

Madzulo ake Manong anabwerera kunyumba ali wera, poganiza kuti ntchito yatha. Atafika anaona mwana wawo wamkazi akutenga dzanja la apongozi n'kuligunditsa pamphumi, kupempha dalitso monga tonse tinaleredwera. Nzeru inawabwerera pomwepo. Galu sangalumphe uku akupempha dalitso. Mmawa mwake anayamba ndi Sultan: khala pansi, dikira dzanja, gunditsa mphumi, landira kachiwindi. Osamumenya, osamukalipira, kungomupatsa china chochita. Kuyambira pamenepo galu aliyense wa pano amatuluka akudziwa zimenezi. Mukaona galu ku Jaro kapena ku Molo wakhala pansi n'kugunditsa mphumi padzanja la mlendo, musafunse kumene anaphunzira. A Kapitana anandiuza okha kuti galu wawo ali ndi ulemu kuposa adzukulu awo.

Tsopano nkhani ya kuimba. Ayi, Manong, musabise nkhope.

Seputembala akangoyamba, anthu ena amatulutsa nyali za Khirisimasi. Manong amatulutsa videoke, makina oimbira nyimbo aja, n'kuiika pakati pa makola. Sabata yoyamba amaimba chapansipansi, tiagalu tikudya. Sabata yachiwiri akweza pang'ono. Pofika Novembala awonjezera zivundikiro za mapoto ndi ng'oma. Chaka chatsopano chikafika, makombola akuphulika mzinda wonse, agalu a anthu ena akudula zingwe n'kusowa, athu ali mtulo. Ng'oma za chikondwerero cha Dinagyang zikulira, athu akungoyasamula. Dok amati ndi sayansi, kuzoloweza khutu pang'onopang'ono. Ife a m'makola timati kagalu kamene kapirira mawu a Manong, palibenso chimene kangaope pa dziko lino. Makina aja amapereka malikisi, mukudziwa. Zaka zonsezi Manong sanadutsepo makumi asanu ndi awiri.

Nanga fungo! Thumba lakumanja chiwindi chouma, lakumanzere nsomba zouma. Akakwera jipini, minibasi yathu ija, itadzaza, amapeza malo a anthu atatu.

Nanenso ndili ndi yanga. Sabata yanga yoyamba, kagalu kanatafuna nsapato yanga yatsopano. Ndinavula patapata kuti ndikathibule. Manong anandigwira dzanja mwakachetechete.

"Inday, mwana wanga, nsapatoyi anaisiya pansi ndani?"

"Ine, Manong."

"Nanga kagaluka mano akukayabwa, unakapatsa chotafuna?"

"Ayi."

"Ndiye patapatayo dzimenye nayo wekha. Ine ndikuwerengera."

Ndinakwiya masiku awiri. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinakwezerenso galu dzanja, ndipo ana anga atatu sadziwa kuti anapulumuka chifukwa cha bambo awa.

Manong, tsopano ndinene zoona zenizeni. Pano anthu amabwera atatopa. Amati galu uyu amaluma, amauwa osalekeza, amakodza m'nyumba, mutengeni, sitikumufunanso. Inu simuyamba ndi galuyo. Mumafunsa kuti amamangidwa maola angati, anayenda liti, anasewerapo ndi ana ali wamng'ono? Lachitatu lililonse masana mwakhala mukuyenda nyumba ndi nyumba, dzuwa likuswa mtengo, kumasula maunyolo ndi kuphunzitsa eni ake. Sindingawerenge agalu amene akanatayidwa kumsika koma lero akugona pakhonde la kwawo. Sindingawerengenso ana amene sanalumidwe. Iwowo sadziwa, ndiye ndikuthokozani ine m'malo mwawo. Zikomo, Manong. Tidzakusowani kwambiri, ndipo ine mtima ukundiwawa.

Koma mphunzitsi wamkuluyu analakwitsa galu mmodzi. Aliyense amamuuza kuti kagalu uzikasiya kokha mphindi pang'ono tsiku lililonse, kazolowere. Batchoy anamutola pansi pa jipini chimphepo chitangodutsa, ali kanthu kakang'ono konyowa. Anamuika m'malaya. Kuofesi ali naye, kuchimbudzi ali naye, msuzi wa nyama uja timati batchoy, masana akugawana mbale imodzi, n'chifukwa chake dzinalo. Ndinawauza kuti, "Manong, mukumuwononga." Iwo amvekere, "Uyu ndi wosiyana." Mwini galu aliyense amene anabwerapo pano ananena mawu omwewo! Chaka chija munapita ku Manila masiku asanu, Batchoy sanadye ngakhale kambewu ka mpunga, mpaka Dok anamuika diripi.

Manang Puring nawonso musawaweruze. Andilola kuti ndinene. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, galu anawagwetsa panjira ya kusukulu n'kuwang'amba mwendo. Anabayidwa majakisoni khumi ndi anayi pamimba. Mantha amenewo si nkhani yoseketsa. Anakwatiwa ndi munthu wonunkha agalu, akhala akuchapa malaya a ubweya wa agalu zaka zonsezi osadandaula, anangopempha chinthu chimodzi, geti. Ndipo Manong, ndikupatseni ulemu, simunawakakamizepo. Mwezi watha munandiuza kuti, "Inday, mwina ndizibwera mmawa uliwonse kudzamudyetsa." Ndi mawondo amenewo, majipini awiri kubwera, awiri kubwerera. Dok anakana, nanenso ndinakana.

Tsopano Padre, funso kwa inu. Manang Puring munawaona liti komaliza pa mapemphero a novena a Lachitatu? Eya. Masabata khumi ndi awiri.

Manong, tsekani pakamwa, mulowa ntchentche.

Lachitatu lina inu mutangotuluka kupita m'makomo, ndinaona mayi aima kunja kwa mpanda, ambulera yotsegula ataiika kutsogolo ngati chishango. Anandikodola.

"Inday, galu wa mwamuna wangayo ndi uti?"

Ndinawalozera.

"Wonyansa bwanji."

"Ee, Manang, amafanana ndi mwini wake."

Sanaseke. Kenako anati, "Dulo akusiya kudya chifukwa cha chinthu chimenechi. Ndiphunzitse. Koma ukamuuza, ndikumeta."

Ndinagwiritsa ntchito njira yanu yomwe ija ya videoke, pang'onopang'ono. Sabata yoyamba anaima kutsidya kwa bwalo mphindi zisanu basi, n'kupita. Yachitatu anapinda ambulera. Yachinayi anaponya kansomba ali patali, kanagwera m'khola la galu wina. Sabata yachisanu ndi chimodzi Batchoy anauwa kamodzi kokha, Manang anathawa mpaka pamsewu, patapata imodzi n'kutsala pano. Ndinati basi, zatha. Lachitatu lotsatira anabweranso, atavala nsapato za zingwe. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndinaziona ndi maso angawa.

Mukukumbuka mutagona masiku atatu ndi chimfine? Munkaimba foni katatu patsiku kufunsa ngati Batchoy wadya. Ndinkati wadya, inu mumvekere, "Ukundinamiza, Inday." Sindinkanama. Manang ankakuphikirani phala la mpunga ndi nkhuku, n'kunena kuti akupita kukagula mankhwala. Munadandaula kuti nkhuku ikuchepa m'phalamo. Lero mwadziwa kumene inkapita. Batchoy anadya masiku atatu onse inu kulibe, ananyambita mbale, ndipo mbaleyo anaigwira ndi mkazi wanu.

Dok, tsegulani chitseko chija, mubwere naye Batchoy. Nonse khalani chete pang'ono. Manong, inu khalani pansi, manja m'thumba, musamuitane. Lero si inu mphunzitsi.

Manang, tsegulani chikwama chanu. Anthu inu, taonani, chingwe chofiira, anagula okha kumsika. Tambasulani dzanja monga tinkachitira. Musafulumire.

Mwaona? Wakhala pansi. Wagunditsa mphumi.

Amene muli kumbuyo simunamve, Manang anena kuti, "Mulungu akudalitse." Padre, dalitso limenelo likuwerengedwa, si choncho? Akuti likuwerengedwa, ndipo za novena khumi ndi ziwiri zija akhululuka.

Wina awapatse Manong kansalu. Ayi, osati ka m'thumba mwawo, kakununkha chiwindi.

Manang andituma kuti ndinene malamulo awiri pamaso pa a Kapitana, kuti pasadzakhale mkangano. Loyamba, Batchoy azigona pakhonde, osati pabedi. Lachiwiri, galu adutse pageti, koma videoke itsale konkuno.

Manong Dulo, pitani mukapume. Mukadzuke dzuwa litakwera, mukayende pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsinje ndi okalamba anu awiriwa, mawondo akapume. Tiagalu ta pano tisiyireni, munatiphunzitsa mokwanira. Ndipo idyani lechon yanuyo, khungu ndakusungirani.

Tonse tiimirire. Tiwaombere m'manja Manong Dulo, komanso Manang Puring amene lero amaliza sukulu. Ombani mwamphamvu, musaope kudzidzimutsa agalu. A pano anamvapo zoopsa kuposa zimenezi!