Chitini cha a Tcheyamani

Chaka chimene bwana wa hotela ina ya ku Nkopola anapereka nsalu ya jekete imodzi yokha, yoti avale katswiri wathu wa tchesi pokatiimira ku mpikisano wa ku Blantyre, telala Che Jaffalie anaiyala patebulo la pakhonde pomwe kalabu yathu inkasewerera, nadikira kuti amve mwini wake. Woyamba kufika anali a Marko, mwini makoka awiri ndiponso mkulu wa mpingo, munthu amene sanavomerepo kulakwa chibatizidwireni, ndipo anakwera pakhondepo atatambasula kale manja.

"Yezani, Che Jaffalie. Yambirani m'mapewa."

"Ndiyeze yani, ambuje?"

"Mukuona anthu angati pano?"

"Awiri. Koma ine sindikupita ku Blantyre."

"Ndiye watsala ndani?"

Che Jaffalie anasuzumira kumbuyo kwa a Marko, mwina kunabisala wina.

"Bwana wa hotela sanatchule dzina. Anati nsalu iyi ndi ya nambala wani. Ndipo ikukwana jekete imodzi basi. Ndikadula ndadula, sizasi ilibe pepani."

"Nambala wani ndine. Lamlungu abambo ansembe anandipempherera ulendo pamaso pa mpingo wonse. Mayi akunyumba atumiza kale mawu kwa achibale ku Ndirande kuti asese m'chipinda."

"Pemphero labwino limenelo. Linatchula saizi?"

"Che Jaffalie."

"Ndangofunsa. Kutsutsa galu n'kukumba, tiyeni tione zitini."

Pamwamba pa makina osokera panali thabwa, ndipo pathabwapo panandandalika zitini za mkaka, wosewera aliyense chake. Mjeremani wina wodzapuma ku hotela anali atatifotokozera mmene akunja amayezera akatswiri: aliyense ali ndi nambala yake, ukagonjetsa wamphamvu umamulanda zambiri, ukagonjetsa wofooka umangotapa pang'ono. Che Jaffalie sankakhulupirira nambala yosagwirika m'manja, choncho anaisandutsa mabatani.

Anatsitsa chitini chimodzi nachigwedeza.

"Ichi n'chanu. Chikulira bwino ndithu."

"Mwamvatu."

Anatsitsa china ndi manja awiri. Anachigwedeza, koma sichinalire n'komwe, poti chinali chodzaza mpaka kukamwa.

"Ichi n'cha a Willard, tcheyamani wa nthambi ya chipani."

A Marko anatsitsa manja.

"Bwezerani pamalo pake. Mosamala."

"Ndabwezera. Ndiye ndidula ya iwowo. Nsalu yambiri ipita pamimba, manja afupiafupi. Zotsala ndikusokerani kathumba ka fodya."

"Sindisuta. Ndipo njira ya mabataniyi ndi yachizungu, siigwirizana ndi nyengo yathu ino yotentha."

"Ndinu munaiumirira. Munabwera ndi magazini ya Mjeremani uja, mukuti umu ndi mmene amayezera akatswiri a ku Ra..."

"Shii. Dziko limenelo silitchulidwa pakhonde."

"A dziko lozizira lija."

"Eya."

"Munati wa ku Amerika ali ndi zikwi ziwiri ndi mazana angapo, wa dziko lozizira akumutsatira pambuyo. Ine ndinafunsa kuti mabatani onsewo amasunga m'chiyani, m'thumba la chimanga kapena m'mgolo. Simunandiyankhe mpaka lero."

"Alibe mabatani anthu aja. Ndi nambala chabe."

"Ndiye wina akangodzuka n'kunena kuti ndili ndi zikwi zitatu?"

"Pali bungwe lowerengera."

"Bungwelo limagwedeza chiyani?"

A Marko anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Zisiyeni za kunja. Tiyeze chikwathu, monga pa bawo. Wopambana amatsala pampando, wogonja amadzuka."

"Njira yabwino. Loweruka munasewera ndi a tcheyamani. Anadzuka ndani?"

"Ndinadzuka kukawongola miyendo."

"Mutanena kuti, 'Mwandimaliza, bwana.'"

"Ndimanena za miyendo."

"Loweruka linalo?"

"Kunali msonkhano wa akulu a mpingo."

"Lina lija?"

"Kodi inu ndinu telala kapena woweruza milandu?"

"Telala," anatero Che Jaffalie, natola sizasi.

"Taikani pansi chimenecho. Pali njira yachitatu, ya unyolo, ndipo ndiyo yanzeru kuposa zonse. Timafunsa kuti ndani anagonjetsa ndani. Tamverani. Ine ndinagonjetsa Mjeremani uja."

"Ndinalipo."

"Mjeremaniyo anati kwawo amagonjetsa mlamu wake tsiku lililonse. Mlamu wakeyo analepherana ndi dokotala wina. Dokotalayo ali mnyamata anagonjetsapo munthu amene pambuyo pake anadzagonjetsa katswiri wa dziko lonse. Tsono ine ndili pati?"

Che Jaffalie anawerenga unyolowo pa tepi yake, akusuntha chala inchi ndi inchi.

"Muli pamwamba pa dziko lonse."

"Mwaonatu."

"Pamwamba pa wa ku Amerika."

"Kutalitali."

"Ndi wa dziko lozizira."

"Ameneyo ndiye osanena."

Chala chinasuntha inchi ina.

"Ndipo a tcheyamani ali pamwamba pa inu. Walahi, Nkopola yadala. Munthu timangomuona akutsitsa mtengo wa usipa padoko, osadziwa kuti ndi nambala wani wa dziko lapansi."

"Unyolo umathera pa ine."

"Unathera bwanji pomwe Loweruka..."

"Musatchulenso Loweruka. Chabwino, iwalani zoti anapambana ndani. Akatswiri enieni amayezedwa pa kaseweredwe. Munaiona hatchi ya a tcheyamani mmene imayendera?"

"Molunjika, ngati basi."

"Hatchi imayenda choncho?"

"Yanga ayi."

"Nanga bishopu wawo? Amayambira nyumba zakuda, pomaliza mum'peza pa zoyera."

"Ndinaona. Ndinafunsanso. Inu munati ndi malamulo atsopano ochokera ku likulu."

"Ndinatero?"

"Munawonjezera kuti ife akumudzi timachedwa kumva zinthu. Kuyambira tsiku lomwelo ndakhala ndikudikira kalata yake kuti nanenso bishopu wanga aziwoloka."

Nthawi yomweyo panjira panadutsa anyamata atatu a malaya ofiira, aja oyendera makadi a chipani, ndipo anachepetsa liwiro atamva dzina la tcheyamani. A Marko anaimirira chilili ngati akuimba nyimbo ya fuko.

"Ndikuti a tcheyamani athu ndi katswiri! Palibe wofanana nawo m'dera lino!"

Anyamata aja anagwedeza mitu napitirira. Pocheuka, a Marko anapeza Che Jaffalie atajambula kale ndi choko chimimba chachikulu pansalu paja.

"Mukutani?"

"Mwanena nokha. Palibe wofanana nawo."

"Ndimanenera aja."

"Aja sasewera tchesi."

"Fufutani."

"Ambuje, ine mutu wanga ndi waung'ono. Mabatani akuti a tcheyamani. Mpando ukuti a tcheyamani. Unyolo ukuti a tcheyamani. Inunso mwakuwa kuti a tcheyamani, msewu wonse wamva. Akutsutsa ndi manja anu okhawo mukungotambasulawo."

A Marko anayang'ana kumsewu, anayang'ana kuseri kwa nyumba, anasuzumiranso pansi pa tebulo. Kenaka anakokera mpando pafupi ndi makina nanong'ona.

"Ndimachita kuwasiyira."

"Kuwasiyira chiyani?"

"Masewera. Dala."

"Onse?"

"Onse. Mukuganiza kuti n'chapafupi? Kugonja kwa munthu ameneyu ndi ntchito yolemetsa kuposa kukoka khoka. Ndimaika kwini wanga pakamwa pawo penipeni, iwo osamuona. Tsiku lina ndinachita kutsokomola katatu n'kuloza ndi chigongono."

"Ndinkayesa chimfine. Ndinakupatsani ndimu."

"Sichinali chimfine."

"Nanga bwanji osangowagonjetsa?"

"Mukumukumbuka mphunzitsi uja anawadyera kwini n'kuseka?"

"A Maurice. Munthu wabwino, anasiya buluku lake pano."

"Ali kuti?"

"Anawasamutsira ku Katuli."

"Kumene basi imafika ikafuna. Ine ndili ndi makoka panyanja, mwana wanga akugwira ntchito ku hotela. Munthu wa ana sadya kwini wa tcheyamani."

Che Jaffalie anavula tepi m'khosi.

"Ndiye n'zosavuta. Ndipite ndikawauze kuti mumachita kuwasiyira, abweze mabatani."

A Marko anawagwira malaya.

"Khalani pansi. Mukufuna tonse tikasoke mabuluku ku Katuli?"

"Ndiye ndidule ya iwowo."

"Ayi."

"Ndikawauze ayi, ndidule ayi. Nsaluyi ndiitani, ndiifunde?"

"Taganizani, Che Jaffalie. Mwawaveka jekete, akwera basi, afika ku Blantyre. Kumeneko akuwadziwa ndani? Awakhazika ndi kamwana ka sukulu kopanda ndi ndevu zomwe. Hatchi yawo yanyamuka molunjika, holo yonse yafa ndi phwete. Kamwanako kawamaliza tiyi asanazizire. Pobwera m'basimo azidzifunsa kuti, nanga ku Nkopola ndimapambana bwanji? Akatsika, ayambira khonde la yani?"

Kwa nthawi yoyamba tsikulo, Che Jaffalie anaika sizasi m'kabati natseka.

"Khonde ndi langa."

"Ndi zitini zomwe."

"Koma akafunsa kuti bwanji sanapite iwo?"

"Tidzati nthambi ya chipani singakhale sabata yathunthu popanda mutu wake. Adzakondwa kuposa kuvala jekete."

A Marko anasisita nsalu ija. Polankhulanso mawu awo anali atafewa, ndipo ngakhale ine amene ndimawadziwa ukali wawo ndikanawamvera chisoni.

"Tchesi ndinaphunzira ndili mwana, kwa wansembe wina wokalamba ku mishoni. Imvi zamera ndikusewera pamakonde. Ndikufuna kamodzi kokha ndisanafe ndikakhale maso ndi maso ndi munthu wosandidziwa, wopanda mantha ine, wopanda mantha iye, ndione kuti ndimatha mpaka pati. Kodi ndapempha zambiri?"

"Ayi, simunapemphe zambiri. Koma zitini sizimva chisoni. Ndipatseni lamulo, ine nditsata."

"Lamulo nali. Masewera ochita kupatsidwa sawerengedwa."

"Onse?"

"Onse."

"Opatsidwa chifukwa cha mantha?"

"Kaya mantha, kaya ulemu, kaya chisoni. Kupatsidwa si kupambana."

"Mabatani abwerere kwa eni ake?"

"Lililonse."

"Simudzasintha ngati njira zina zija?"

"Ndine mkulu wa mpingo, Che Jaffalie. Ndanena ndanena."

Telala anasuzumira kumsewu, natsitsa chitini cha a tcheyamani. Anayamba kugawira mabataniwo m'zitini za osewera ena mwakachetechete, dzanja ili kwa a Davide, ili kwa a Simioni, ili kwa anamwino a Enid, ndipo ochuluka anagwera m'chitini cha a Marko mpaka ena kutayikira patebulo. Pansi pa chitini cha a tcheyamani panatsala batani limodzi.

"Nanga ilo?"

"Ili anapambana okha. A Simioni anagona tulo masewera ali mkati."

"Asiyireni, ndi thukuta lawo."

A Marko anaimirira, natulutsa chifuwa, natambasula manja kuposa poyamba. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

"Manja akhale aatali bwino. Ndipo muike thumba lamkati, la magalasi."

Che Jaffalie sanatole tepi. Anakokera chitini cha a Marko pafupi, natapamo dzanja lodzaza.

"Awa ndi a a Davide."

"Chiyani?"

"Awa a a Simioni. Awa a anamwino, ochulukirapo ndithu, mayi aja amavutika nanu monga mmene inu mumavutikira ndi a tcheyamani. Awa a a Maurice, tiwasungira pamodzi ndi buluku lawo."

"Che Jaffalie, mwasokoneza zitini."

"Sindinasokoneze. Awa ndi anga. Tsiku lija ndinakuikirani nsanja yanga pakamwa, ndinachita kuyetsemula kuti muione."

"Munali ndi chimfine."

"Munandipatsa ndimu."

Chitini chija chinayamba kulira ngati chisekese, kenaka kulira kwake kunachepa. A Marko anali chiimire, manja ali m'mwamba, ataiwala kuwatsitsa.

"Nanga a Mjeremani?"

"Amenewo ndi anu ndithu, palibe angakulandeni. Kungoti tsiku lija munthu uja anali ndi malungo, ankaona mahatchi anayi."

"Taimani kaye. A tcheyamani ndikumvetsa. Koma ine sindigulitsa makadi, ndilibe anyamata a malaya ofiira, sindinasamutsirepo munthu ku Katuli. Mungandiope chiyani ine?"

Che Jaffalie anafufuta chimimba cha choko chija ndi chikhatho, napachikanso tepi m'khosi.

"Inuyo sitikuopani, ambuje. Koma bokosi la tchesi mu Nkopola muno ndi limodzi, ndipo ndi lanu. Mukagonja mumapita nalo kunyumba mpaka mwezi kutha."