Chala cha Phoolmati pa Rupiya ya Siliva

Ine, Brijbhushan Agrahari, wa zaka 71, wokhala ku Chetganj mumzinda wa Banaras, wopuma pa ntchito yogulitsa matikiti a sitima, ndikunena izi kuno kupolisi:

Ndalama ya siliva mwandionetsayi, rupiya, ndikuidziwa. Ndi ya 1862, ili ndi mutu wa mfumukazi ya Angerezi, ndipo m'mphepete mwake muli kachipsera kochepa ngati njere ya mpunga. Mkazi wanga, malemu Phoolmati, anabwera nayo pa ukwati wathu mu 1979.

Chaka chilichonse pa chikondwerero chathu cha Diwali ankaiika m'mbale yopempherera n'kudindapo ufa wofiira ndi chala chachikulu. Ziwiya zonse ankakwecha, koma iyi ankangoipukuta ndi nsonga ya sari, nsalu yomwe ankavala. Ankati, "Bambo a Devansh, manja anu a matikitiwo asafike pano." Zaka zitapita, pamalopo panatsala banga lakuda, ndipo mizere ya chala chake inkaoneka bwinobwino. Anamwalira mu Marichi 2022.

Pa 3 Okutobala 2024, cha m'ma 11 m'mawa, mwana wanga Devansh anandikakamiza kupita nayo kwa a Lalchand Rastogi, oyeza ndalama zakale n'kuziika giredi yosonyeza mtengo wake, kumsika wa Chowk, makilomita awiri kuchokera kunyumba. Iye ankafuna kudziwa mtengo wake. Ine ndinangotsatira ndalamayo. A Rastogi anaiona pa galasi lokulitsa, n'kunena kuti, "Bangali likutsitsa giredi pang'ono chabe. Koma akulu, musayerekeze kuitsuka. Mukaikwecha, mwaipha." Tinagwirizana kuti ibwerenso Diwali ikatha, ndipo ndinaibwezera m'kabati. Mawu amenewa palibe amene anamuuza mpongozi wanga Madhulika, yemwe anakwatiwa ndi Devansh mu Epulo.

Pa 28 Okutobala, cha m'ma 9 m'mawa, ndinapita kukameta. Ndinabwerako cha m'ma 10. Ndinapeza Madhulika pabwalo, ziwiya zamkuwa ndi zasiliva ataziyala padzuwa, pambali pake mbale ya bwemba wonyika ndi phulusa, monga amachitira mkazi aliyense Diwali ikayandikira. Nditatsala mapazi atatu kuti ndimufike, anatukula rupiyayo ikung'anima, akuseka. Anati, "Bambo, taonani! Litsiro lija linali louma mutu ngati mwana wanuyo, koma ndathana nalo." Zala zake zinali zitasupuka.

Ndinamuuza kuti wagwira ntchito. Ndinalowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Tsiku limenelo sindinadye. Rupiyayo ndinaikulunga m'kansalu kake, ndipo pa Diwali ndinaikwirira ndi maluwa kuti Devansh asaione.

Pa 6 Novembala Devansh anatenga kansaluko osamasula, n'kukakasiya kwa a Rastogi. Ine kunalibe, ndinali kuchipatala cha maso. Dzulo, pa 8, Devansh anabwera kunyumba akukalipa kuti a Rastogi amubweza ndi ndalama yoyera ya timizere tokhatokha, atalemba kuti "yotsukidwa, ilibe giredi". Anati, "Mkulu uja watisinthira, akutiyesa ana!" Madhulika anali pakhomo la khitchini, atagwira chikombe cha tiyi. Ndinamuyang'ana, ndipo sindinayankhe. Devansh anabwera kuno kudzadandaula.

Lero m'mawa ndamva kuti a Rastogi mwawatsekera. N'chifukwa chake ndabwera. Sanasinthe kanthu. Kachipsera kaja ndi aka, ndakulozerani. Ndalamayi inatsukidwa kunyumba kwanga, masana, ndipo wolakwa ndine chifukwa chokhala chete kawiri konse. Madhulika anachita zomwe amayi ake anamuphunzitsa. Mulembe choncho, kuti mwana wanga awerenge yekha.

Mwandifunsa ngati pali chinthu changa chimene chasowa. Chilipo, koma si cha polisi. Phoolmati sankadziwa kulemba, ndiye ndilibe kalata yake ngakhale imodzi. Kubanki ndi kuofesi ankadinda chala, ndipo mapepalawo anatsala komweko. M'nyumba monse, dzanja lake linali pa rupiya iyi yokha. Chimwalirireni, m'mawa uliwonse ndinkatsegula kabati n'kumaona chala chake, osakhudza, poti anandiletsa. Ndamusowa kwambiri mkazi uja.

Ndikupempha kuti a Rastogi muwatulutse, ndalamayo mundibwezere. Za giredi ndilibe nazo ntchito. Malo amene panali chalacho ndikuwadziwa, ndi kumanzere kwa khosi la mfumukazi.

Ndi zokhazi zomwe ndikudziwa.

Wosaina: Brijbhushan Agrahari
9 Novembala 2024