Foda Yolembedwa Musafufute

Lachiwiri m'mawa pa depoti ya Balaka, minibasi ya ku Liwonde ikudikira kudzadza, bambo wina anali ndi kalaputopu pamiyendo, fulashi itasomekedwa m'mbali. Mayi amene anakhala nawo mpando umodzi anasuzumira.

"Bambo, pepanitu, chala chanucho chichotseni pabatanipo."

"Iyayi mayi, ndatopa nako kamakinaka. Malo ndi ochepa, Windows siikukwanamo, ngakhale kalata imodzi kakukana kusunga. Andiuza kuti ndiikemo Linux, ndi yopepuka."

"Ndi yopepukadi. Koma mwawerenga zimene yalembazi? Ikuti ifufuta zonse."

"Ifufute! Ofunika ndi mawu a malemu bambo anga basi, madua, mapemphero athu achisilamu, amene ndinawajambula asanatisiye. Amenewo ndawateteza."

"Mwawakopera kuti?"

"Ali momwemu. Ndawaika m'foda yawoyawo, n'kulembapo MUSAFUFUTE, zilembo zikuluzikulu."

"Kalanga ine! Ndiye mukuganiza kuti makinawa akafika pamenepo agwada n'kulambalala?"

"Nanga si ndalemba?"

"Bambo inu! Fulashi ina muli nayo?"

"Ndi yomweyi, muli Linux."

"Gwirani chikwamachi, nditulutse memore khadi m'fonimu. Muli nyimbo zathu za kwaya, koma malo alipo, sizikakangana ndi madua. Somekani apa."

"Ikuti mphindi makumi anayi. Inu mutsika pati?"

"Pa Chiyendausiku."

"Aa, ikhala isanamalize."

"Ndiye ndikatsikira ku Liwonde komweko, nanga nditani?"

"Mulungu akudalitseni, mayi."

"Ameni. Koma manja anuwo muwakhalire mpaka tikafike."