Ba Bertha Sanamwalire, Chotsani Tenti

Muli shani, Kafue? A ku Estates, a kumsika, a kusiteshoni, a ku Shimabala, ndi inu mwapanikizana m'minibasi ngati kapenta m'thumba, yakwana nthawi ya zilengezo zanu. Mapepala lero ndi ochepa, koma onse akununkha nkhani imodzi. Amene mukudya, ikani kaye mbale pansi.

Ba Enock Moonga a ku Kafue Estates, aja owotcherera mageti kuseri kwa msika, akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Mazabuka, ku Monze, ku Chipata ndi konse kumene wailesi ino imafika kuti akazi awo, Ba Bertha Moonga, amake Choolwe, sanamwalire. Ndibwereze: sanamwalire. Chilengezo cha maliro chimene tinawerenga dzulo masana chinali cholakwika, ndipo ife pano manyazi atigwira mpaka m'khosi.

Zoona zake ndi izi. Chaka chatha Ba Bertha anapeza chotupa m'bere lakumanzere. Kuchipatala ku Lusaka anawayeza n'kunena kuti ndi kansa. Analandira mankhwala a m'dilipi amene anawathothola tsitsi lonse, ndipo mwezi watha anawachita opareshoni n'kuchotsa berelo. Madokotala akuti zinayenda bwino, bala likupola. Panopa ali kwa mkulu wawo, Ba Ireen Sakala, ku Shimabala. Akudya, akuyenda, ngakhale kukalipa akukalipa ndithu. Ba Enock akuti matendawa ankawabisa chifukwa mwiniwake sanafune kuti amveke, koma kubisako ndi kumene kwawabweretsera tenti pakhomo.

Choncho amene mwakwera kale basi, tsikani. Amene munagona pamaliro, pindani mabulangeti muzipita. A kwaya lekani kuyeserera nyimbo. Amene munatulutsa masofa panja muwabwezere m'nyumba, yaikulu ija iyang'ane kukhomo monga munaipezera. Tenti ichoke lero lomwe.

Chilengezochi chachokera kwa Ba Enock Moonga, amene si wamasiye.

Chachiwiri ndi cha amene anatibweretsera maliro aja. Ba Lastone Moonga, mkulu wawo wa Ba Enock, akupepesa kwa banja la a Sakala ndi kwa onse amene analira, makamaka amene anachita kudzigwetsa pansi. Koma akuti mlandu si wawo. Mlandu ndi wa mutu.

Inu a Kafue mukulidziwa tsitsi la Ba Enock, alendo okha mvetserani. Munthuyu chiyambire unyamata wake, lumo silinamukhudzepo. Tsitsi linali chitsamba chathunthu, chisoti chowotcherera chinkachita kukana kulowa, ndipo okhala kumbuyo kwake kutchalitchi abusa ankangowamva mawu. Apongozi ananena, abusa ananena, Ba Bertha anachita kutopa n'kunena. Yankho linali limodzi: "Tsitsi iyi izachoka pamaliro chabe."

Ndiye dzana m'mawa Ba Febby, oyandikana nyumba ndi a Moonga, anathamangira kwa Ba Lastone mpweya uli m'mwamba, ati aona Ba Enock ali mpala. Ba Lastone anapita okha kukaona. Anapeza mng'ono wawo ali pakhonde, mutu uli ngwee, misozi ili mbwembwembwe.

"Iwe Enock, mulamu ali kuti?"

"Anisiya, ba Lastone. Bertha anisiya."

Atatero ananyamuka, kuvala chisoti chaubweya, uyo wa kumabasi, foni kuisiya pathebulo. Ba Lastone alemba pano kuti: "Manje imwe, mutu wometa, misozi, na mau yakuti anisiya, ine nikanaganiza chani? Kuti mulamu ayenda ku saluni?"

Abale anga, kusiya kuli pawiri. Munthu akati wandisiya, muzifunsako kuti wapita kuti musanathamangire kuno.

Chilengezochi chachokera kwa Ba Lastone Moonga a ku Kafue.

Ichi n'chachifupi. Ba Derrick, ometa tsitsi pafupi ndi siteshoni, akudziwitsa makasitomala awo kuti shopu ndi yotseka mpaka Lachinayi. Makina anapsa. Anapsera m'mutu mwa Ba Enock, moti theka lotsala anamalizira ndi sizasi ndi lezala. Akutinso akanafunsidwa iwo, tenti sikanaima, chifukwa munthuyo atakhala pampando anatsinzina n'kunena kuti, "Chosa yonse. Nifuna nilingane na mukazi wanga." Ba Derrick akuti ameta mitu yambiri, koma uwu sadzauiwala.

Chilengezochi chachokera kwa Ba Derrick a pasiteshoni.

Tsopano zosowa. Ba Enock Moonga omwe aja akudziwitsa anthu a ku Kafue Estates ndi madera ozungulira kuti mbuzi yawo yasowa. Ndi yoyera, khutu limodzi lakuda, yonenepa bwino. Anaigula kuti adzaiphe tsiku limene Ba Bertha adzabwerere kunyumba, ndipo ankaidyetsa okha m'mawa uliwonse asanapite kuntchito.

Mmene inasowera ndi motere. Atachoka pakhonde paja, Ba Enock anapita ku Shimabala kwa akazi awo, nagona komweko. Dzulo masana akubwerera ali m'minibasi, dalaivala anatsegula wailesi ino, ndipo anamva ndi makutu awo kuti Bertha Moonga watisiya. Akuti mtima unaima. Anaiwala kuti achokera komweko. Anakuwa, kugogoda denga, kutsika minibasi isanaime bwino, n'kuthamanga kubwerera ku Shimabala ngati mwana wasukulu, nsapato imodzi kutsalira mumsewu. Anthu inu, musaseke. Mantha amene munthuyu wakhala nawo chaka chathunthu anawamva akuwerengedwa pawailesi, ndi dzina lomwe.

Atafika anapeza malemuwo ali kuchipinda, akukalipira Ba Ireen kuti phala lachepa mchere. Akuti sanamvepo nyimbo yokoma ngati kukalipa kumeneko.

Madzulo pofika kwawo ndi pamene anapeza tenti, utsi, azimayi ali m'nyumba akulira mosinthana. Asanatsegule pakamwa, anawakhazika pampando n'kuwapatsa nshima ya nyama, ati idyani, limbani mtima. Njala inali itawapha, ndiye anadya. Anawonjezeranso. Ndi posamba m'manja pamene anaona chikopa choyera chili pawaya wa zovala, khutu lakuda likulendewera.

Ba Enock akuti sakusunga chakukhosi, poti nawonso anadyako. Pempho lawo ndi lakuti aliyense amene anatafuna mbuziyo adzabwere tsiku lolandira Ba Bertha, adzaimbe mokweza monga analirira. Ndiwo abwere nazo yekha.

Chilengezochi chachokera kwa Ba Enock Moonga.

Ba Febby Chola a ku Kafue Estates akudziwitsa amayi a mumpingo ndi anzawo a pamsika kuti zimene zikunenedwa za iwo n'zabodza. Akuti n'zoona kuti chiyambire kudwala kwa Ba Bertha akhala akuperekera ndiwo kwa Ba Enock, tsiku lina nsomba, tsiku lina chibwabwa chotendera, koma chimenecho n'chikhristu chabe. Akuti zopaka pamilomo zimene anabwera nazo pamaliro ndi chifukwa cha mphepo ya Juni, milomo yawo imang'ambika. Akutinso mawu akuti "nyumba iyi ifunika mukazi wamphumphu" sanawanene iwo, ndipo ngati anawanena, sanadziwe kuti akafika ku Shimabala. Pomaliza akupempha kuti mapoto awo, amene ali m'khitchini mwa a Moonga, abwezedwe ndi zivundikiro zake.

Ine ndangowerenga, sindinawonjezere kanthu.

Chilengezochi chachokera kwa Ba Febby Chola.

Ichi tsopano ndi cha munthu wosowa, ndipo pepala lake lakwinyika, likuoneka kuti lalembedwa ndi kufufutidwa kangapo.

Ba Enock Moonga akufunafuna akazi awo, Ba Bertha. Kumene ali akukudziwa, ngakhale chitseko chake akuchidziwa, n'chobiriwira. Koma chichokereni kuchipatala, mayiyu anakana kubwerera ku Estates. Foni anazimitsa. Amuna awo akafika kwa Ba Ireen, iwo amadzitsekera kuchipinda. Mawu omaliza amene anawalankhula kudzera pachitseko anali akuti, "Batate Choolwe, yendani. Sinifuna munione so. Pezani wamphumphu, namvela alipo kale pafupi." Ndiko kusiyidwa kumene Ba Enock ankalira pakhonde paja.

Maonekedwe a wosowayo: wamfupi, wakuda bwino, mpata kumano, amavala chitambala mpaka m'maso. Kuyambira tsiku la opareshoni salola munthu kuima kumanzere kwake. Ukapita kumanzere, amatembenuka. Ngakhale amuna awo, amene anagona pabenchi ya chipatala, amene ankawagwirira beseni mankhwala akawasanzitsa, amene anaphunzira kuphika phala lopanda mibulu ali ndi imvi kundevu, kumanzere sawalola.

Ba Enock akuti aliyense amene ali pafupi ndi chitseko chobiriwiracho akweze wailesi, chifukwa ali ndi mawu awa. Akuti tsiku limene anakumana koyamba kumtsinje, Ba Bertha anali atavala chitambala, jombo ndi chijasi cha malume awo, akugulitsa nsomba. Tsitsi sanalione, zinazo sanazione. Chimene anaona ndi pakamwa, pamene mtsikanayo anawauza kuti achotse chisa cha mbalame pamutu asanayambe kunena za nsomba za eni. Anakwatira pakamwa pamenepo. Ndipo afunsa madokotala, atsimikiza kuti pakamwa sanachotsepo kanthu.

Akuti chisa chija achotsa tsopano. Anapita ku Shimabala kuti akaonetse mutu, koma chitseko sichinatseguke, ndipo manyazi ndi mphepo zinawaveka chisoti. Akuti mutu ukuzizira, makutu atulukira ngati zogwirira poto, ana a m'njira akuwathawa. Akuti nyumba yakula. Akuopa, inde, kansa amaiopa mpaka lero, koma akufuna aziopera limodzi, m'nyumba imodzi. Akuti, "Amake Choolwe, nakuyewani, nakusowani. Bwelani munikalipile pafupi."

Amene angathandize kuti wosowayu apezeke, mphotho inali mbuzi, koma mwamva kale.

Chilengezochi chachokera kwa Ba Enock Moonga.

Apa ndiye mapepala anathera. Koma taimani, mnzanga wa pamakina akundikodola. Wandipatsira foni, uthenga wangolowa kumene kuchokera pa nambala ya Ba Ireen Sakala ku Shimabala. Ati tiuwerenge pompano, usagone. Eeh! Chabwino.

Malemu Bertha Moonga akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti maliro awo anawamva okha dzulo, ali ndi supuni m'manja. Akuthokoza onse amene anabwera. Amene sanabwere akuwadziwanso.

Kwa Ba Lastone, akuti zaka zawo munawonjezera ziwiri pachilengezo chija, ndipo zimenezo mudzakambirana pamaso.

Kwa Ba Febby, akuti mapoto musatume mwana. Adzabweretsa okha mwiniwake wa khitchini, limodzilimodzi, kuti mudzawaone bwinobwino ngati ndi wamphumphu kapena ayi.

Kwa azimayi onse amene akumva, akuti poti amuna awo aulula kale zonse, bere lomwe ndi mbali yake, palibenso chobisa: mukamva kanthu kolimba m'bere, pitani kuchipatala msanga, musadikire tenti.

Kwa batate Choolwe, akuti ndinu munthu wopanda nzeru. Zaka zonsezi akhala akukupemphani kuti mumete, inu kukana, lero mwakameta mu Juni. Mbuzi mwadya nokha. Nkhani za m'nyumba mwaziyanika pawailesi Kafue yense akumva. Akuti dzulo, mutabwera mothamanga muja, anasuzumira pawindo n'kukuonani muli chikhalire pansi pa mtengo wa mango, nsapato imodzi, mukulira ndi kuseka nthawi imodzi. Akuti anafika pachitseko, dzanja linagwira loko, koma anachita mantha. Ankaopa nkhope imene mudzapange mukadzawaona. Ndi Ba Derrick amene awauza lero pawailesi pano zimene zinali pansi pa chisoti chija, ndipo aseka mpaka bala lawawa, kenako alira.

Tsono akuitanitsa msonkhano. Malo: pamene pamaima maminibasi ku Shimabala. Nthawi: mawa m'mawa, dzuwa likatentha pang'ono, chifukwa cha mitu. Oitanidwa: Ba Enock okha. Abwere ndi nsapato zonse ziwiri, chisoti asiye kunyumba. Nawonso Ba Bertha akuti chitambala achisiya kwa Ba Ireen. Anthu a Kafue mukaona mitu iwiri ikunyezimira pawindo la minibasi, musathamangire kuwailesi, musaimike tenti. Palibe wamwalira.

Pali mzere wina pansi. Akuti msewu uli ndi mabampu, ndipo m'minibasi anthu amakankhana ndi zigongono. Ndiye batate Choolwe adzakhale kumanzere kwawo. Ati kumanzere, afupi, asasiye mpata.

Ba Enock, ngati muli m'minibasi panopa, chonde dikirani iime.

Chilengezochi chachokera kwa Mai Bertha Moonga. Keyala alemba Kafue Estates.