Kochi wa Vitu Ayankha Lero

Pa siteji ya basi ku Woolwich, mvula ikuwaza, panafika bambo wa jekete lakuda, nati akudikira basi ya ku Lewisham. Anapereka moni wakwathu kwa mayi wovala sikafu ya timu ya mpira ya payunivesite.

"Sikafuyi, mayi, muli ndi mwana m'timumo?"

"Vitu wanga, ndiye goloboyi. Koma mtima suli m'malo. Akuti kochi wawo, a Zgambo, akufunidwa ndi timu yaikulu, ndipo ayankha lero."

"Ena akuti sanakhwime. Zikho ziwiri za ana asukulu n'chiyani?"

"Enawo ndani? Ine nkhope ya kochiyo sindiidziwa, koma ndikuuzeni. Training ikatha, sakwera basi mpaka mnyamata womaliza atakwera yake. Bambo ake a Vitu atamwalira, mwanayo anangoti zii, osayankhula ndi munthu. Anadzatsegula pakamwa pa siteji, akudikira basi ndi kochiyo."

"Koma ku timu yaikulu aliyense ali ndi galimoto. Akadikira ndani?"

"Wolemera alibe maliro kodi? Akawapeza owadikira. Ine ndilira, koma apite. Chachikulu abwere adzatitsanzike, tiwathokoze pamaso."

"Ndiye mwati avomere?"

"Avomere ndithu! Iii, bambo, basi ya ku Lewisham ija yakusiyanitu!"

"Ibwera ina. Muyambe mwakwera inu."

Mayi aja anayang'anitsitsa bamboyo.

"Pepani bambo, paja mwati ndinu a ndani?"

"Sindinanene, mayi. Ndine Crispin Zgambo. Zikomo kwambiri. Kudzatsanzika ndidzabwera."