Mpando wa Pakhomo

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1952, m'banja la alimi a thonje. Ine woyankhulane ndine mwana wa achemwali awo.

Sukulu anaidukiza kawiri chifukwa mtengo wa thonje unagwa, ogwetsawo ali kutsidya kwa nyanja, anthu osadziwa ndi khasu lomwe. Zimenezi zinawakhala pamtima moyo wawo wonse. Anamaliza maphunziro a zachuma mu 1977, ndipo mu 1980 anamanga banja ndi mayi akhala apawa.

Mu 1991 boma linayamba kuwatuma ku misonkhano yokonza malamulo a malonda a dziko lonse. Anakapeza kuti mayiko olemera amadzitsekera m'kachipinda n'kumanga mfundo, nthumwi zina zonse zili m'khonde kudikira kusayina. Mu 1998 amalume anatenga mpando wopinda n'kukhala pakhomo penipeni, moti chitseko sichikanatsekeka. Akuluakulu awo anawaopseza kuti ntchito iwathera, ana ali pasukulu, koma sanasunthe. Ife kunyumba sitinadabwe, makani awo tinkawadziwa ngakhale pa nkhani ya shuga wa mu tiyi. Nthumwi za mayiko amene chuma chawo chinkakwera zinabweretsa mipando yawonso, khomo linadzaza, ndipo madandaulo a alimi anamveka mkatimo.

Mu 2012 mayiko otukuka kumenewo anapatsidwa malo m'kachipinda muja, ndipo amalume analowa nawo. Tsiku loyamba lomwelo, anzawo a m'khonde aja anapempha kuti chitseko chitsekedwe, mayiko ang'onoang'ono ali panja. Izi zinawapweteka kuposa zoyamba zija. Ananyamuka pa mpando wa ndalema, n'kukatambasulanso wawo wopinda uja pakhomo. Chaka chomwecho boma linawapumitsa ntchito. Ena m'banjamu tinawadzudzula, koma lero tikuyenda mutu uli m'mwamba chifukwa cha iwo.

Anayamba kudwala impso mu 2023. Kuchipatala anamwino anachita kutopa nawo, chifukwa sankalola kuti chitseko cha chipinda chawo chitsekedwe. Anatisiya Lachiwiri lapitali masana.

Asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Tikuthokoza madokotala, anamwino, anzawo a kuntchito, aneba amene mwatigwira mkono, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa.

Amalume, usani mumtendere. Kumene mwapitako tikukhulupirira kuti akutsegulirani. Mpando uja taupereka kwa mwana wanu wamkazi, amene tsopano ndi nthumwi, pakuti kuno ukufunikabe.